Usiku womwe tinazungulira kunja kwa dziko la eni

## Mphindi 10 tisanafike

"Dikirani kaye." Anatiuza choncho pakati pa usiku, tili pamtunda wa mafiti 35,000, ndipo mpaka lero ndikakumbukira m'mimba mumanditentha.

Tinali mu Boeing 737 yonyamula katundu, kuchokera kum'mawa kwa Africa kulowera kumadzulo. Kumbuyo kunalibe anthu, kunali mabokosi a mankhwala ndi zipangizo za kuchipatala. Sunali ulendo wa pandandanda wa masiku onse. Bungwe lina linachita kubwereka ndege yonse, ndipo pa maulendo otere dziko lililonse lomwe mudutse pamwamba pake limafuna pemiti yakeyake. A Kaputeni ndiwo ankaulutsa, wailesi inali yanga.

Kukatsala mphindi 10 kuti mufike pamalire, mumayitana a ATC a kutsogolo, anthu a pansi oyang'anira kayendedwe ka ndege pawailesi. Ndinatero. Ndinatchula dzina la ulendo wathu, pamtunda pomwe tinali, malo omwe tilowere ndi nthawi yomwe tifikepo. Anayankha bambo wa mawu otopa koma aulemu, n'kufunsa nambala ya pemiti. Zimenezi si zachilendo. Nambalayo imakhala italembedwa kale mu flight plan, chikalata cha ndondomeko ya ulendo, m'gawo 18, komabe ambiri amafuna kuimvanso pakamwa. Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chili papepala. Apa m'pamene anati tidikire.

Ndege ya mtundu uwu imadya makilomita pafupifupi 14 pa mphindi. Munthu akati dikirani, inuyo mukupitabe. Pa sikirini panali kadontho ka dzina la zilembo zisanu, pomwe pali malirewo, ndipo mtunda wotsala unkatsika ine ndikuona. Kunja kunali bii, kopanda ngakhale nyali ya mudzi. Mawu aja atabweranso, anati nambalayo aipeza, koma inalembedwa pa ndege ina, osati yathu. Kulowa ayi.

Chinachitika n'chakuti masana a tsikulo ndege yomwe inayenera kuyenda ulendowu inapezeka ndi vuto, ndiye anatipatsa inzake. Pemiti imalembedwa pa nambala ya ndege, ija yopentedwa chakumchira, pamodzi ndi tsiku komanso njira yomwe mudutse. Chimodzi mwa izi chikasintha, pemitinso iyenera kusinthidwa. A ku ofesi kwathu anapempha kusinthako, yankho lovomera linabwera, ndipo tinali nalo m'manja, losindikizidwa bwinobwino. Koma pepala lomwe linali patebulo la bambo uja linali lakale.

Dzikolo sindilitchula pano. Zotere ndazimvanso kwa anzanga oyenda njira zina, moti kuloza chala dziko limodzi kungakhale kulakwira eni ake.

## Nambala ya pakapepala

A Kaputeni ndi munthu wa imvi, wokulira pafupi ndi Chileka. Pansi ndi wanthabwala, koma m'mwamba mawu awo amawerengeka. Za ntchito timalankhula Chingerezi, koma panthawi imeneyi anatembenukira ku chilankhulo cha kwathu.

"Mphwanga, bwerera kwa aja tasiyana nawowa. Uwauze kuti uko atikana, tikufuna kuzungulira konkuno."

Liwiro anali atachepetsa kale ine ndisanamalize kumva yankho la bambo uja. Chifukwa chake n'chakuti pamtunda wotere, kuti ndege itembenuke n'kuloza komwe yachokera, imafuna malo a makilomita oposa 20 m'lifupi. Mukachedwa kuyamba kukhota, mumakapezeka muli mkati mwa dziko lomwe lakukanani lija.

Kwa a ATC a kumbuyo anayankha mayi, ndipo mumamveka kudabwa m'mawu mwake, poti kwa iye tinali titachoka kale m'manja mwake. Anatilola kuzungulira. Koma panali ndege ina yomwe inkabwera m'mbuyo mwathu, njira yomweyo, pamtunda womwewo, ndipo chigawo chimenecho kulibe rada. Mayiyo amasiyanitsa ndege ndi nthawi zomwe oyendetsa akumuuza basi. Ndinamumva akuikweza ndege ija kuti idutse pamwamba pathu, kenaka n'kutilonjeza kuti ayimbira mnzake wa tsidya lija pa lamya. Patapita kanthawi tinaona nyali zake zikuphethira pamwamba pathu, ikulowa popanda vuto komwe ife atikana.

A Kaputeni anang'amba kapepala, n'kulembapo nambala, n'kukapanikiza pakati pathu pomwe tonse tingakaone.

"Mafuta akafika apa, tikubwerera. Sitikambirananso."

"Chabwino, bwana," ndinatero, n'kuwerengeranso pandekha. Zinagwirizana.

Mafuta a ndege amagawidwa musananyamuke. Pali oti akakufikitseni komwe mukupita, pali ena owonjezera, kawirikawiri 5 pa 100 alionse, a zogwa mwadzidzidzi. Pali oti mukafikire pabwalo lina ngati loyamba lakanika, ndiye pali omaliza, a mphindi 30, omwe woyendetsa aliyense amadziwa kuti sakhudzidwa. Otsala pamwamba pa amenewa ndiwo mungazungulire nawo, ndipo 737 imamwa makilogalamu pafupifupi 40 pa mphindi. Ndege ya katundu sinyamula mafuta ambiri osafunika, chifukwa kilogalamu iliyonse ya mafuta ndi kilogalamu ya katundu yomwe yatsala pansi.

Amene munayendapo pa basi ya ku Joni mukudziwa za pa Mwanza kapena pa Beitbridge mapepala akavuta. Dalaivala amazimitsa injini, anthu n'kutsika kukagula chipisi, ena n'kuyala zitenje pansi. Ife tinalibe kozimitsira. Kudikira kwathu kunali kutentha mafuta omwe tinayenera kufikira komwe tikupita.

Chomwe ndinaona pa kapepala kaja n'chakuti A Kaputeni anadula mlandu mutu udakali wozizira. Ankadziwa kuti pakadutsa mphindi 20, munthu umayamba kudzinyengerera kuti tingowonjezera kuzungulira kamodzi kokha, mwina ayankha.

## "Pemiti ilipo, lowani"

Ndinayimba ku ofesi pa foni ya satelayiti. Mtsikana yemwe anali pa ntchito usikuwo anagwira njakata, n'kudzutsa abwana ake. Abwanawo analankhula mwachangu, ndipo maganizo awo sanali opusa ayi. Pemiti ndi yovomerezeka, umboni tili nawo, mankhwala akudikiridwa, kubwerera kudya ndalama zambiri, ndipo dziko lija lilibe ndege zankhondo zoti n'kudzuka usiku kuthamangitsa anthu onyamula mankhwala. Anati tingolowa, tiziulutsa malo omwe tili pawailesi pa 126.9, pomwe ndege zambiri mu Africa zimauzana zokhazokha, nkhani ya mapepala tikaikonza mawa.

Ndinawafotokozera A Kaputeni monga ndinamvera. Sanakweze mawu. Anatenga foni ija, n'kuwauza abwanawo mwaulemu kuti pepala tili nalo ndithu, koma amene akuyankhulira dzikolo usiku uno ndi bambo ali pawailesiyu, ndipo wati ayi. Anawapempha kuti asataye nthawi ndi ife, asake munthu wa ku ofesi ya mapemiti ya dzikolo, amudzutse. Atatero anandibwezera foni.

Mphindi imeneyo ndi yomwe yandikakamira. Tinali olondola, ndipo ndikubwereza, tinali olondola. Koma pamalire a m'mwamba kulondola kwanu sikukutsegulirani njira. Pangano la ku Chicago la 1944, lomwe kayendetsedwe ka ndege padziko lonse kanamangidwapo, ndime yake yoyamba yeniyeni imati dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse pa mlengalenga wa pamwamba pake, wosagawana ndi wina. Ndege yomwe yauzidwa kuti isalowe, n'kulowa, siikhalanso ndege ya mapepala osokonekera. Imasanduka ndege yolowa mwankhanza, ndipo wa ATC amakakamizika kudziwitsa asilikali.

Woyendetsa aliyense amawadziwa mayina awa. Pa 21 Febuluwale 1973, Boeing 727 ya Libyan Arab Airlines yopita ku Cairo inasochera n'kulowa ku Sinai, komwe panthawiyo kunali m'manja mwa Israel. Inawomberedwa, anthu 108 anafa. Pa 1 Sepitembala 1983, Boeing 747 ya Korean Air Lines yochokera ku Anchorage kupita ku Seoul inapatuka panjira yake n'kulowa mumlengalenga mwa Soviet Union. Inagwetsedwa pafupi ndi chilumba cha Sakhalin, ndipo onse 269 omwe analimo anathera pomwepo. Ngozi imeneyi ndiyo inachititsa kuti mu 1984 mayiko awonjezere ndime 3 bis m'pangano lija, yoletsa kugwiritsa ntchito zida pa ndege za anthu wamba. Inayamba kugwira ntchito mu 1998. Koma ndime yomweyo imanenanso kuti dziko lili ndi ufulu wolamula ndege yolowa popanda chilolezo kuti itere, ndipo ndegeyo iyenera kumvera.

N'chifukwa chake timaphunzitsidwa zochita ndege yankhondo ikakutulukira. Imabwera chakumanzere, kutsogolo pang'ono, n'kugwedeza mapiko, usiku n'kumathimitsa ndi kuyatsa nyali. Nawenso umagwedeza mapiko, n'kuitsatira, ukuyitana pa 121.5, nambala ya wailesi ya zadzidzidzi. Timaziloweza pamtima, koma palibe amene amafuna kuziyesa. Ngakhale dziko lopanda ndege zankhondo lili ndi njira zake. Limakudikirani pansi, kapena limaletsa kampani yonse kudutsa, ndiye olangika amakhala anzanu onse obwera m'mbuyo.

Palinso china chomwe abwana aja sankachiona ali pampando ku ofesi. Kopanda rada, chitetezo chonse chili pa kukhulupirirana kwa mawu. Wa ATC amene wakukanani sanakusungireni malo m'chigawo chake. Pamtunda pomwe mukufuna kudutsapo mwina waikapo kale ndege ina yobwera chakutsogolo.

## Tinabwerera

Tinazungulira. Mayi uja anabwera kawiri kudzatiuza kuti mnzake wa tsidya lija wayesa kuyimbira akuluakulu ake koma sakuyankha. Bambo uja nayenso anatiyitana yekha, n'kupepesa. Ananena mosabisa kuti akutikhulupirira, koma popanda pepala lolondola patebulo pake sangatilole, chifukwa mawa wofunsidwa ndi iye. Sindinamukwiyire, ndipo mpaka pano sindimukwiyira. Munthu yemwe ali yekha usiku, malipiro ake ochepa, kumbuyo kwake kuli asilikali ndi mabwana, angayike bwanji ntchito yake pachiswe chifukwa cha mawu a mlendo pawailesi?

Mafuta atafika pa nambala ija, A Kaputeni anangotambasula dzanja n'kuchotsa kapepala kaja. Ndinapempha njira yopita kubwalo lomwe tinali titalidutsa kumbuyo. Tinatera kusanache. Pofika nthawi yomwe a mafuta anabwera, maola athu ololedwa kugwira ntchito anali atatha, moti ngakhale pemiti ikanapezeka pompo sitikananyamuka.

Inapezeka m'mawa maofesi atatsegulidwa. Kalata yovomera kusintha inali mu imelo ya munthu yemwe anaisayina, ndipo anaweruka asanaitumize kwa a ATC. Nkhani yonse inali pomwepo basi. Mankhwala aja anafika mochedwa ndi tsiku lathunthu, ndipo panali mabokosi ena ofuna kuzizira omwe anthu anavutika nawo pabwalo lomwe silinawayembekezere.

## Zomwe anandiuza titakhala pansi pa phiko

Tikudikira galimoto yotitengera kogona, A Kaputeni anayamba kukamba za ubwana wawo. Ankapita kumpanda wa Chileka kukaonerera ndege, ndipo mwa zomwe ankaziona munali za South African Airways. Ali mwana sankadziwa kuti ndege zimenezo zinali zoletsedwa pafupifupi mu Africa yense. Kuyambira 1963 mayiko ambiri a ufulu anatseka mlengalenga mwawo chifukwa cha tsankho la ku South Africa, pomwe Malawi wa Kamuzu Banda anatsegula ubale ndi boma limenelo mu 1967. Kuti zikafike ku Ulaya, ndegezo zinkazungulira kunyanja ya Atlantic, n'kukamwa mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde. Zinakhala choncho mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Kutseka kwa mtundu umenewo ndimakumvetsa, ngakhale pomwe sindikugwirizana nako. Ndi ndale, ndipo wotsekayo amadziwa chomwe akuchita. Mu Juni 2017 Saudi Arabia, United Arab Emirates, Bahrain ndi Egypt anatsekera ndege za Qatar, moti zinkadzera ku Iran mpaka Januwale 2021. Mu Julayi 2013 ndege ya pulezidenti wa Bolivia, Evo Morales, ikuchokera ku Moscow, inakatera ku Vienna mayiko ena a ku Ulaya ataikaniza njira poganiza kuti Edward Snowden, yemwe America inkamufuna chifukwa choulula zinsinsi za boma, anali momwemo. Sanalimo. Ngati mtsogoleri wa dziko angagone pabwalo la ndege chifukwa cha chilolezo, ife a katundu ndife yani?

China ndi cha Niger. Pa 6 Ogasiti 2023 asilikali omwe analanda boma kumeneko anatseka mlengalenga ndege zili kale m'mwamba, ndipo zina zapakati pa Ulaya ndi kum'mwera kwa Africa zinabwerera kapena kukatera kwina. Apo n'kuti ku Sudan kuli kotseka kuyambira Epulo chifukwa cha nkhondo, ku Libya nako ambiri sadutsako. Ukayang'ana mapu uona kuti panatsala tinjira ta m'mphepete tokha. Abale athu a ku UK omwe anayenda masiku amenewo kudzera ku Johannesburg angakumbukire kutalika kwa ulendo.

Koma ife usiku uja panalibe nkhondo, panalibe mkangano wa maboma. Dzikolo linali litavomera kuti tidutse.

## Chomwe chimandiwawa

Kuchokera tsiku limenelo, ndikalandira mapepala a ulendo ndimayamba ndi mapemiti, nyengo ndi mafuta pambuyo. Ndimayerekeza nambala ya ndege yomwe yalembedwa ndi yomwe ili panja, tsiku lake mu UTC, nthawi imodzi yomwe a ndege padziko lonse amayendera, poti ulendo wochedwa umatha kuwoloka pakati pa usiku n'kugwera tsiku lina, komanso malo olowera ndi otulukira. Ngati ndege yasinthidwa tsiku lomwelo, ndimapempha a ku ofesi ayimbire a ATC enieniwo, osati ofesi ya mapemiti yokha, amve ngati pepala latsopano lafika. Ndipo pamalire aliwonse ndimakhala nditadziwiratu bwalo lobwererako.

Izi n'zomwe woyendetsa angathe. Zotsalazo si zathu.

Pangano la ku Chicago lomwe lija, m'ndime 5, limati ndege zosakhala za pandandanda zili ndi ufulu wodutsa pamwamba pa mayiko a m'panganoli popanda kupempheratu chilolezo, ngakhale dziko lingathe kuzilamula kutera. Ku Ulaya kwambiri flight plan yokha imakwana. Kuno kwathu mayiko ambiri amafunabe pemiti, ena kudakali masiku angapo, ena amakana chifukwa cha ngongole yakale ya malipiro odutsira yomwe oyendetsa sakuidziwa n'komwe. Zifukwa zawo zilipo, ndipo si zachabe. Ndege zanyamulapo zida ndi katundu wozembetsa mu Africa muno, ndipo dziko lopanda rada yokwanira limadziteteza ndi mapepala. Sindikunena kuti mapemiti athe mawa.

Vuto limakula chifukwa malire athu ndi ochuluka ndiponso oyandikana. Malawi ndi wowonda, moti ndege yodutsa kuchokera ku Zambia kupita ku Mozambique imakhala m'manja mwa Lilongwe kwa mphindi zowerengeka, ukungomaliza kupereka moni kwa awa, a Beira akukudikira kale. Kwina zigawo za ATC sizigwirizana ndi malire a mayiko. Chigawo cha Roberts chimasamalira Liberia, Sierra Leone ndi Guinea pamodzi, pomwe pemiti dziko lililonse limapereka yake. Ulendo umodzi wodutsa Africa m'lifupi umafuna mapepala a maofesi angapo, ndipo limodzi lokha likatsalira mu imelo ya munthu, ndege yonse yaima.

Atsogoleri athu anagwirizana za kutsegulirana mlengalenga ku Yamoussoukro m'dziko la Ivory Coast, chigamulo chake n'kutuluka mu 1999. Mu Januwale 2018 ku Addis Ababa bungwe la African Union linakhazikitsanso msika umodzi wa zandege, SAATM. Nkhani zimenezi zikamakambidwa, anthu amathamangira za mitengo ya matikiti ndi za makampani opikisana. N'zofunika, sindikutsutsa. Koma ine ndikanayitanidwa ku misonkhano imeneyo ndikanapempha zing'onozing'ono. Pemiti ikavomerezedwa, izionekera nthawi yomweyo pa kompyuta ya wa ATC, osati kudikira munthu aitumize. Ndege ikasinthidwa ndi inzake ya kampani yomweyo, ya mtundu womwewo, pemiti izigwirabe ntchito. Ndipo dziko lililonse lomwe limafuna pemiti likhale ndi munthu wa udindo wogona ndi foni yoyaka, yemwe nambala yake wa ATC wa usiku ali nayo, ndipo ali ndi mphamvu yonena kuti aloleni adutse. Ndege za odwala zochokera ku Lilongwe ndi Blantyre kupita ku Johannesburg kapena Nairobi zimanyamuka nthawi iliyonse yomwe matenda avuta, Loweruka usiku kapena pa tchuti, ndipo nazonso zimadutsa pamalire omwewa ndi mapepala a mtundu womwewu.